William Smith sadataye anyamata osamva

William Alexander Smith adabadwira ku Thurso, m'dziko la Scotland, mu 1854. Pophunzitsa Sande sukulu mumzinda wa Glasgow, adasautsidwa ndi anyamata osamva. M'malo mowapirikitsa, pa 4 October 1883 adayambitsa gulu la Boys' Brigade, namawasonkhanitsa madzulo mkati mwa sabata kuti aziguba ndi kuphunzira mawu a Mulungu. Anyamatawo adaphunzira kumvera, kusunga nthawi ndi kutumikira anzawo. Smith adamwalira mu 1914, koma gulu lake lidafika mpaka m'mipingo ya CCAP kuno kwathu.

Nanga ife a ku Zomba? Ana athu a ku Chinamwali ndi ku Matawale akaweruka kusukulu, amawalandira ndani? Tikawalekerera, adzaleredwa ndi msewu. Kuongola mtengo mpoyamba: tiwatsegulire makomo a matchalitchi athu ngakhale Lachitatu madzulo.