KATHARINA, MKAZI WA MARTIN LUTHER

Ambiri a inu munamva dzina la Martin Luther, mphunzitsi wa ku Germany amene anatembenuza Baibulo m'cinenero ca anthu a kwao. Komatu mphunzitsi nayenso amadya, amabvala, nagona poyalidwa ndi munthu wina. Munthu ameneyo anali mkazi wace, dzina lace Katharina von Bora.

Katharina anabadwa m'caka ca 1499 m'dera la Saxony. Akali kamwana anatumizidwa kukaleredwa ndi masisitere, ndipo pambuyo pace anakakhala m'nyumba yao ya ku Nimbschen. Kumeneko anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuimba, ndipo pofika zaka 16 analumbira kuti adzakhala sisitere moyo wace wonse. M'nyumbamo zonse zinayendera belu. Belu likalira, usana kapena usiku, yense anasiya cimene analikucita napita kukapemphera. Munalibe mwana wolira, munalibenso mlendo wofika mwadzidzidzi.

Koma mabuku a Luther anafika ngakhale m'kati mwa linga la nyumbayo. Iye anaphunzitsa kuti munthu alandiridwa ndi Mulungu mwa cikhulupiriro, ndi kuti mai wolera ana ace atumikira Mulungu monga momwe acitira wansembe. Masisitere ena anabvomereza mau amenewa. Usiku wa Paskha, m'caka ca 1523, masisitere 12 anathawa m'ngolo yophimbidwa ya munthu wamalonda, Leonhard Koppe, ndipo ambiri a iwo anafika ku Wittenberg, mudzi wa Luther. Anzace anakwatiwa kapena kubwerera kwa abale ao, natsala Katharina. Pa 13 June 1525 Luther mwini anamkwatira. Mkazi anali wa zaka 26, mwamuna wa zaka 41.

Mfumu ya dzikolo inawalola kukhala m'cinyumba cacikuru cimene kale cinali ca amonke. Cinali cakale ndi cosasamalika. Luther anasimba yekha kuti asanakwatire panapita caka cathunthu pogona pace posayalidwa, kufikira udzu wace unaola. Ndiponso iye sanadziwe kusunga cuma. Pa mabuku onse amene analemba sanalandire ndalama, ndipo wopempha ali yense anacoka ndi kanthu m'manja. Tsiku lina anafuna kutumiza ciwiya cokongola kwa bwenzi lace, koma pocifuna sanacipeze, cifukwa mkazi wace anali atacibisa.

Makolo athu anayerekeza mlendo ndi mame, pakuti sakhalitsa. Alendo a Katharina sanali mame ai. Atangokwatiwa kumene, panafika Andreas Karlstadt, munthu amene anatsutsana ndi Luther kolimba, alikuthawa nkhondo. Anambisa m'nyumbamo masabata angapo. Pambuyo pace anadza abusa opitikitsidwa kwao, odwala, ndi akuru a kutali ofuna kufunsa nzeru. Anyamata ophunzira pa sukulu yaikuru ya m'mudzimo anagona ndi kudya momwemo, nalipirako ndalama. Katharina anabala ana 6, naleranso ana amasiye a abale a mwamuna wace. Nthawi zina anthu odya pamodzi anapitirira 30. Ganizani mai wa kwanu alikukonzera anthu otere, si pa tsiku la ukwati lokha, koma masiku onse a caka!

Malipiro a mphunzitsi sakanatha kudyetsa khamu lotere. Tsono Katharina analima minda ya ndiwo ndi ya zipatso, naweta ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku, nasunga nsomba m'dziwe, nafululanso mowa wa pa nyumba monga anacitira anthu a kumeneko masiku aja. M'caka ca 1540 anapeza munda waukuru ku Zulsdorf, ulendo wautali pa ngolo, ndipo iye mwini anapita kukayang'anira nchito. Analawira 4 koloko m'mamawa, kotero kuti mwamuna wace anamucha nthanda ya ku Wittenberg. Pamene mliri unagwa m'mudzimo m'caka ca 1527, anthu ambiri anathawa, koma iwo anakhala, ndipo nyumba yao inasanduka cipatala. Masiku amenewo Katharina anali ndi pakati.

Tiyeni tsopano tione cimene cinabvuta mtima wace. Pa nthawi ya cakudya anyamata aja anali kulemba zokamba za Luther, ndipo mwa apo ndi apo analembanso za mkazi wace. Tsiku lina iye anafunsa mwamuna wace cifukwa cace kale anthu anapemphera kawiri-kawiri ndi mtima wotentha, koma tsopano analikupemphera kamodzi-kamodzi ndi mtima wozizira. Funso limeneli silinali lamasewera. Mkaziyo anakumbukira belu la ku Nimbschen. Kumene kuja nthawi ya pemphero anaikiratu ndi ena, ndipo palibe cinthu cimene cikanailanda. Kuno ku Wittenberg belu lace linali kulira kwa mwana ndi kugogoda kwa mlendo. Mudziwa nkhani ya Marita ndi Mariya a ku Betaniya, mmene wina anatekeseka ndi kutumikira, mnzace nakhala pa mapazi a Ambuye kumva mau ace. Iwo anali awiri, nagawana mbalizo. Katharina anali mmodzi, ndipo akadakhala pansi tsiku lonse, anthu 30 akadagona ndi njala.

Luther anaciona cimeneci. Baibulo lathunthu la m'Cijeremani linasindikizidwa m'caka ca 1534, ndipo caka cotsatira iye analembera bwenzi lace, Justus Jonas, kuti Katharina alikuyendetsa ngolo, kusamala minda, kudyetsa ng'ombe ndi kufulula mowa, koma pakati pa zonsezi wayamba kuwerenga Baibulo ndi mtima wonse. Anaonjeza kuti wamlonjeza ndalama 50 za gulden akalitsiriza Paskha asanafike. Zinali ndalama zambiri ndithu, ndipo tingathe kumwetulira pokumbukira kuti wosunga thumba m'nyumbamo anali mkazi yemweyo. Koma nthawi yina, mwamuna wace atamuumiriza kuwerenga, Katharina anayankha kuti anawerenga zokwanira, namva zokwanira, ndipo cimene analakalaka ndico kuti Mulungu amthandize kuzicita. Yankho limeneli sitingalinyoze. Munthu amene anapukuta thukuta la odwala mliri anali atamvetsa zimene anawerenga. Komanso Luther sanalakwe, pakuti nchito za pa nyumba sizitha, ndipo woyembekeza kuti zithe kuti apemphere adzayembekeza kufikira imfa. Madzulo banja lonse ndi alendo omwe linakonda kuimba nyimbo za Mulungu, ndipo masiku ena a Sabata Luther analalikira m'nyumba momwemo.

Zowawa sizinamlambalale. Mwana wace Elisabeth anamwalira asanakwanitse caka, ndipo Magdalena anamwalira m'caka ca 1542 ali ndi zaka 13. Mtima wa Katharina unali wofulumira kuda nkhawa. Kumayambiriro kwa caka ca 1546 Luther, ali wokalamba ndi wodwala, anapita ku Eisleben kukayanjanitsa akuru amene anakangana. Mkazi wace anabvutika kwambiri za iye, ndipo Luther anamlembera kalata yomseka mwacikondi, kuti alikufuna kutenga nchito ya Mulungu ya kusamala anthu. Anamuuza kuti awerenge buku la Yohane ndi Katekisma wamng'ono, naleke kuda nkhawa. Patapita masiku owerengeka, pa 18 February, Luther anamwalira komweko.

Caka comweco nkhondo inabuka. Katharina anathawa kawiri ndi ana ace, ndipo pobwerera anapeza minda yaonongeka ndi ziweto zatengedwa. Anayambanso kulandira anyamata a sukulu kuti apeze zosowa za banja. M'caka ca 1552 mliri unabweranso, ndipo iye ananyamuka pa ngolo kunka ku Torgau. Pa njira akavalo anadzidzimuka, Katharina nagwera m'ngalande ya madzi ozizira, napweteka kwambiri. Anagona miyezi itatu, mwana wace wotsiriza, Margarete, alikumdwazika. Anamwalira pa 20 December 1552, ali ndi zaka 53, naikidwa m'nyumba ya Mulungu ya ku Torgau. Mwala wa pa manda ace ulipo kufikira lero, ndipo pamenepo anasemapo cithunzi cace atagwira buku m'manja.