Henry Tayali, Mmisiri Amene Anaika Anthu Wamba Patsogolo

Zaka 500 zapitazo ku Italy, munthu wofuna kuti nkhope yace ijambulidwe ndi utoto anayenera kukhala mfumu, mkulu wa mpingo kapena wamalonda wolemera. Amisiri ochuka onga Raphael ndi Titian anali kujambula apapa ndi mafumu atabvala zobvala za mtengo wapatali, pamene mlimi ndi womanga nyumba anali kuoneka cakumbuyo, mwinanso osaoneka n'komwe. Henry Tayali wa m'Zambia muno anaphunzira luso lomwelo, koma iye anatenga anthu a kumbuyo aja nawaika patsogolo.

Tayali anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943. Ali mwana anapita ku Bulawayo kumene atate ace anali pa nchito, ndipo kumeneko ndi kumene dzanja lace linayamba kudziwika. Pambuyo pace anakaphunzira pa Makerere ku Uganda, napitiriza ku Düsseldorf m'dziko la Germany. Atabwerako anakhala mmisiri wa pa yunivesiti ya Zambia, pamene paimirira fano limene anaumba la wophunzira wotsiriza maphunziro, lochedwa The Graduate.

Koma mtima wace umaoneka bwino m'cithunzi cochedwa Destiny, cimene asunga a Lechwe Trust. M'menemo mulibe mfumu yokhala pa mpando. Muli cikhamu ca amuna ndi akazi othithikana, ena atasenza akatundu, ena alikukumba, ena alikumanga, ndipo mzinda ulikukwera pamwamba pao. Diso lifuna pakupumira koma silipapeza. Munthu amene anagwirapo nchito ku Kafue Textiles masiku aja, kapena ku Nitrogen Chemicals, sadzafuna womasulira. Adzazindikira msana wowerama uja ndi thukuta lace. Tayali anajambulanso anthu a m'misika ndi a m'nyumba za mowa, osawakometsa ndiponso osawanyoza.

Imfa inamupeza msanga. Anamwalira mu July 1987 ku Aachen, ku Germany komwe kuja, ali ndi zaka 43 zokha. Amisiri anzace anacha dzina lace nyumba yoonetseramo zithunzi imene iri m'bwalo la cionetsero ku Lusaka, ulendo wa makilomita osakwana 50 kucokera m'tauni ya Kafue.