Alvin Weinberg

Alvin Martin Weinberg (20 Epulo 1915 – 18 Okutobala 2006) anali wasayansi wa ku America amene anatsogolera kafukufuku wa ng'anjo za nyukiliya zoyendera mchere wosungunuka. Anali mkulu wa Oak Ridge National Laboratory, m'chigawo cha Tennessee, kuyambira 1955 mpaka 1973.

Ubwana ndi maphunziro

Weinberg anabadwira ku Chicago, ndipo makolo ake anali Ayuda ochokera ku Russia. Anaphunzira pa University of Chicago, komwe analandira digiri ya udokotala mu 1939. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagwira ntchito ndi Eugene Wigner pokonza mapulani a ng'anjo zoyambirira za nyukiliya. Anasamukira ku Oak Ridge mu 1945.

Ng'anjo ya mchere wosungunuka

Ng'anjo zambiri za nyukiliya zimagwiritsa ntchito yureniyamu wolimba, ndipo zimaziziritsidwa ndi madzi opanikizidwa kwambiri kuti asawire. Weinberg anali mmodzi mwa oyambitsa njira imeneyi, koma ankada nkhawa ndi zomwe zingachitike madziwo atathawa. Gulu lake linayesa kusungunula yureniyamu mu mchere wa fluoride, womwe suwira ngakhale utatentha kwambiri, choncho sufunika kupanikizidwa. Mcherewo ukatentha mopitirira umafufuma, ndipo mphamvu ya ng'anjo imatsika yokha.

Kuyesa koyamba kunachitika mu 1954, pamene asilikali ankafuna ndege yoyendera nyukiliya. Ng'anjo yachiwiri, yotchedwa Molten-Salt Reactor Experiment, inayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 1965, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 650. Mu Okutobala 1968 inakhala ng'anjo yoyamba kuyendera yureniyamu-233, amene amapangidwa kuchokera ku thorium. Inatsekedwa mu Disembala 1969.

Kafukufukuyu anasonyeza kuti njirayi ndi yotheka, koma anavumbulanso mavuto. Zitsulo zokhudzana ndi mchere zinapezeka ndi timing'alu chifukwa cha tellurium, ndipo mpweya wa tritium unkadutsa m'zitsulo zotentha.

Kuchotsedwa ntchito

Bungwe la Atomic Energy Commission linasankha kuika ndalama pa ng'anjo zoziziritsidwa ndi sodium. Weinberg anapitiriza kulankhula poyera za chitetezo cha ng'anjo za madzi, zomwe sizinasangalatse akuluakulu ena a boma, ndipo anachotsedwa pa udindo mu ulamuliro wa Richard Nixon. Pofika 1976 ntchito ya mchere wosungunuka ku Oak Ridge inali itatha.

Zaka zomaliza

Weinberg anatsogolera Institute for Energy Analysis, yomwe inafufuzanso za kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide m'mlengalenga. Analandira mphotho ya Enrico Fermi mu 1980, ndipo mu 1994 anatulutsa buku la mbiri ya ntchito yake, The First Nuclear Era. Anamwalira ku Oak Ridge ali ndi zaka 91. Mu 2023 dziko la China linayatsa ng'anjo yoyeserera ya mchere wosungunuka ku Wuwei, m'chigawo cha Gansu, motsatira zomwe gulu la Weinberg linapeza.