Mayi Edith Cowan: Kuchokera ku Komiti ya Sukulu Kufika ku Nyumba ya Malamulo

Amayi ambiri a m'bungwe lathu ali m'makomiti a sukulu, a zaumoyo ndi a chitukuko kumadera kwawo, ndipo ena amaona ngati mipando imeneyi ndi yongotayirapo nthawi. Tiyeni tikumbukire mayi wina wa Mpingo wathu wa Anglican amene anakhala pa mipando yotereyi zaka pafupifupi 30 asanalowe m'Nyumba ya Malamulo. Iwo ndi Mayi Edith Cowan a ku Australia, mayi woyamba kusankhidwa kukhala phungu m'dziko lonselo. Uphungu wawo unali wa zaka zitatu zokha, koma pa zaka zimenezo anadutsitsa malamulo awiri okomera amayi.

Mayi Cowan anabadwa pa 2 Ogasiti 1861 pa famu ya nkhosa yotchedwa Glengarry, pafupi ndi tauni ya Geraldton, m'chigawo cha Western Australia. Dzina lawo la kwa makolo linali Edith Dircksey Brown. Agogo awo a kuchikazi, a John Burdett Wittenoom, anali wansembe wa Anglican amene ankatumikira atsamunda oyambirira a m'chigawocho. Mayi awo, omwe anali mphunzitsi, anamwalira pobereka m'chaka cha 1868, ndipo mtsikanayu anatumizidwa kusukulu yogonera komweko mu mzinda wa Perth. Bambo awo, a Kenneth Brown, anakwatiranso, koma chuma chinayamba kuwathera ndipo mowa unawalowerera. Mu Januwale 1876 anawombera ndi mfuti mkazi wawo wachiwiriyo, namupha. Mlandu unazengedwa katatu, chifukwa maulendo awiri oyamba anthu othandiza woweruza sanagwirizane chimodzi. Ulendo wachitatu anapezeka olakwa, ndipo ananyongedwa mu Juni chaka chomwecho. Edith anali asanakwanitse zaka 15.

Perth wa masiku amenewo anali kamzinda kakang'ono, koti nkhani yotere aliyense ankaidziwa. Mtsikanayu anachoka pasukulu ija nakakhala ndi agogo ake aakazi ku Guildford, komwe anapitiriza maphunziro pasukulu ya wansembe wina, Canon Sweeting. Tikaona kumene mphamvu zawo zinathera atakula, pa ana ogwa m'manja mwa apolisi ndi pa amayi opanda wowayankhulira, sitichitira mwina koma kukumbukira zimene zinachitika pakhomo pawo.

Pa 12 Novembala 1879 anamanga banja ndi a James Cowan m'tchalitchi chachikulu cha St George ku Perth. Bambowa anali mlongo wake wa aphunzitsi a sukulu yogonera ija, ndipo ankagwira ntchito ku khoti lalikulu. Anabereka ana asanu, aakazi anayi ndi wamwamuna mmodzi. M'chaka cha 1890 a James Cowan anakhala majisitireti wa khoti la polisi ku Perth, khoti limene kunkafika milandu ya anthu wamba: amuna othawa mabanja, akazi omenyedwa, ana ogwidwa akuba kapena akugona m'misewu. Kudzera mu ntchito ya amuna awoyi, Mayi Cowan anadziwa bwino mmene lamulo linkagwirira osauka.

Zaka zimenezo chigawocho chinasokonekera ndi golide amene anapezeka ku Coolgardie mu 1892 ndi ku Kalgoorlie mu 1893. Anthu amene anali osakwana 50,000 mu 1890 anaposa 180,000 pofika 1901. Amuna ankathamangira kumigodi, kusiya akazi ndi ana m'matauni opanda cholowa, ndipo sukulu zinadzaza. Mayi Cowan anayamba ndi gulu lothandiza ana mu 1891, kenaka mu 1894 analowa m'gulu loyendetsa nyumba yotchedwa House of Mercy, yosungirako atsikana amene atenga pakati opanda banja. Imeneyi sinali ntchito yotamandidwa. Anthu ambiri opemphera ankaona atsikana oterowo ngati ofunika kuwapewa basi. Chaka chomwecho anathandiza kuyambitsa Karrakatta Club, bungwe limene amayi ankaphunzitsana kuwerenga nkhani za dziko, kuyankhula pagulu ndi kuyendetsa misonkhano. Mayi Cowan ndiwo anali mlembi wake woyamba.

Ndi nthawi yomweyi pamene anasankhidwa kulowa m'komiti yoyang'anira sukulu za boma m'dera la North Fremantle, pafupi ndi Cottesloe komwe banja lawo linasamukira mu 1896. Komiti yotereyi inali umodzi mwa mipando yochepa kwambiri ya boma imene mayi ankaloledwa kupikisanapo, ndipo iwo anasankhidwa kangapo. Ntchito yake inali yosaonekera: kuyendera sukulu, kuona ngati ana akubwera, kumva madandaulo a makolo ndi aphunzitsi, ndi kulembera akuluakulu a maphunziro. Koma apa mpamene mayi ankatha kukhala patebulo limodzi ndi abambo, kutsutsana nawo pa nkhani ya boma, kuponya voti, mawa lake nkukumananso nawo. Kunalibe sukulu ina yophunzitsa mayi zimenezi. Amayi a m'chigawochi anapatsidwa ufulu wovota mu 1899, ndipo Mayi Cowan anali mmodzi mwa amene anaumenyera. Tinene poyera kuti ufuluwu unali wa azungu makamaka. Eni nthaka, anthu a mtundu wa Aborigine, anadikira mpaka 1962 kuti onse aloledwe kuvota m'chigawochi.

Nkhani ya ana ndiyo inali pamtima pawo kuposa zonse. Masiku amenewo mwana wolakwira lamulo ankaimirira m'khoti limodzi ndi akuluakulu. Mu 1906 Mayi Cowan ndi anzawo anayambitsa bungwe loteteza ana la Children's Protection Society. Chaka chotsatira mzinda wonse unagwidwa nthumanzi ndi mlandu wa Alice Mitchell, mayi amene ankalandira ndalama kuti azilera makanda a atsikana osakwatiwa, ndipo makanda oposa 30 anafera m'manja mwake. Atsikanawo ankasiya ana awo kumeneko chifukwa panalibe wowalemba ntchito ali ndi khanda kumsana. Boma linakhazikitsa lamulo la ana mu 1907, limene linabweretsanso khoti la ana lapadera. Bungwe la Mayi Cowan linatsegula malo osungirako ana masana kuti amayi awo azitha kupita kuntchito, ndipo mu 1915 iwo anali mmodzi mwa amayi oyamba kukhala pa mpando woweruza m'khoti la analo. Anamenyeranso nkhondo chipatala cha amayi oyembekezera, King Edward Memorial Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1916. Mwana amene mayi ake anafera pa uchembere anaona chipatalacho chikuimirira patapita zaka 48.

Sikuti zonse zinkayenda mwamtendere pakati pa amayi okhaokha. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma linabweretsa lamulo lokakamiza kuti odwala matenda opatsirana pogonana, monga chindoko, azidziwika kwa akuluakulu a zaumoyo ndi kulandira mankhwala. Mayi Cowan analivomereza, poganizira akazi apabanja ndi makanda amene ankatengera matendawa osadziwa. Mnzawo wa nthawi yaitali, Mayi Bessie Rischbieth, analikana, poopa kuti lidzagwiritsidwa ntchito pozunza akazi osauka pamene amuna akungoyenda. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka, ndipo ife amene tinaona mikangano ya kuyezetsa magazi m'zaka za Edzi tikudziwa kulemera kwake. Mabungwe a amayi anagawanika, ndipo chilonda chimenechi sichinapole msanga. Mayi Cowan ankafunanso kuti ana aziphunzitsidwa kusukulu zoona za thupi lawo ndi za kugonana, zimene anthu ambiri a nthawi yawo ankaziona ngati zolaula.

Mpingo nawo unawatsegulira khomo pang'onopang'ono. Mu 1916 anakhala mayi woyamba m'komiti ya Dayosizi ya Perth yoona za mavuto a anthu, ndipo kuyambira 1923 ankakhala nawo mu Sinodi. Chifukwa cha ntchito yawo ndi a Red Cross pa nthawi ya nkhondo, analandira ulemu wa OBE mu 1920.

Australia ndi dziko la zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake. Mu 1920 Nyumba ya ku Western Australia inavomereza kuti amayi aziima nawo pa chisankho cha aphungu. Amene anabweretsa lamuloli anali a Thomas Draper, nduna yolangiza boma pa za malamulo, omwenso anali phungu wa dera la West Perth. Pa chisankho cha pa 12 Malichi 1921 Mayi Cowan, ali ndi zaka 59, anaima m'dera lomwelo, pa chipani chomwecho cha Nationalist, ndipo anagonjetsa a Draper ndi mavoti 46. Ndunayo inagwa ndi lamulo lake lomwe.

M'Nyumbamo sanalandiridwe ndi manja awiri. Mwambo wake ndi wakuti phungu watsopano akamayankhula koyamba anzake amamvetsera mwachete, koma iwo ankadulidwa mawu kangapo konse. Nyuzipepala zina zinawajambula monyoza, zina nkumati asiya ntchito za pakhomo, chonsecho mwana wawo wotsiriza anali ndi zaka pafupifupi 30. Ngakhale chimbudzi cha amayi munalibe m'nyumbayo, moti ankachita kuyenda wapansi kupita kwawo ku Malcolm Street. Pa zimene anayankhula tsiku loyambalo panali kankhani kooneka kakang'ono: amayi ankalipitsidwa shileni imodzi akakwera sitima ya pamtunda ndi kangolo kokankhiramo khanda. Palibe phungu wamwamuna amene anali atakaganizirapo. Mtengowo unachotsedwa.

Lamulo loyamba limene anadutsitsa, mu 1922, linali la chuma cha masiye. Kale, mwana akamwalira wosakwatira, wopanda ana, ndiponso wosalemba wilo, chuma chake chonse chinkapita kwa bambo ake. Mayi wobereka sankawerengedwa, ngakhale bamboyo atakhala kuti anathawa banja kalekale ndipo mayiyo ndiye analera mwanayo yekha. Taganizirani kuti nkhondo inali itangotha kumene, ndipo anyamata ambiri osakwatira anali atafera kutali. Lamulo la Mayi Cowan linapatsa mayi gawo lofanana ndi la bambo. Amayi a kuno kwathu amene anaonapo katundu akunyamulidwa pakhomo maliro asanathe, ndi amene anadikira mpaka 2011 kuti lamulo latsopano la chuma cha masiye likhazikitsidwe m'Malawi, sasowa wowamasulira nkhaniyi.

Lachiwiri, la mu 1923, linachotsa chiletso chimene chinkatsekera amayi ntchito ya uloya ndi ntchito zina zapamwamba. Chiyambi chake chinali mlandu wa mu 1904, pamene mtsikana wina, Edith Haynes, anakanizidwa kulemba mayeso a uloya. Khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la maloya potchula munthu silinkatanthauza mkazi. Chigamulo chimenechi chinakhala zaka 19 mpaka Mayi Cowan anachithetsa. Dziwani kuti iwo sanali nduna. Malamulo onse awiri anawabweretsa ngati phungu wamba, njira imene mabilu ambiri amafera panjira, ndipo anayenera kukopa abambo a zipani zonse mmodzimmodzi. Zaka zija za m'makomiti ndizo zinawaphunzitsa kulemba mfundo yosavuta kuivomera ndi kudziwa woyamba kumuona.

Chipani chawo sichinkakondwera nawo kwenikweni, chifukwa ankavota monga mwa chikumbumtima chawo, nthawi zina pamodzi ndi otsutsa. Pa chisankho cha 1924 eni mabizinesi a ku West Perth anaika mphamvu zawo pa loya wina, a Thomas Davy, ndipo amayi anali asanagwirizanenso chigawanikire chija. Mayi Cowan anagwa. Anayesanso mu 1927 koma sanapambane. Anapitiriza ntchito za m'mabungwe, nakaimira dziko lawo pa msonkhano wa amayi ku America mu 1925, ndi kuthandiza kuyambitsa bungwe losunga mbiri ya chigawo chawo mu 1926. Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse la Australia inalandira amayi ake oyamba mu 1943, iwo atapita kale.

Anamwalira pa 9 Juni 1932 ali ndi zaka 70, ndipo anaikidwa m'manda a Karrakatta. Anzawo atafuna kuwamangira chikumbutso m'munda waukulu wa Kings Park, oyang'anira mundawo anakana, ndipo ena ankanena kuti zipilala ndi za amuna. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Pomaliza anamanga nsanja ya wotchi kunja kwa chipata cha mundawo, ndipo inatsegulidwa pa 9 Juni 1934. Mu 1991 yunivesite ina ya ku Perth inatchedwa dzina lawo, ndipo kuyambira 1995 nkhope yawo ili pa ndalama ya pepala ya madola 50 ya dziko la Australia.