ATHANASIUS, MBUSA WA KU ALEXANDRIA

Pa 2 May Akristu a m'maiko ambiri akumbukira Athanasius, mwana wa Afrika mnzathu. Anabadwa pafupi ndi caka ca 296 ku Alexandria, m'dziko la Egypt, limene m'Buku Lopatulika licedwa Aigupto.

Iye akali mnyamata, mbusa wina wa mumzinda womwewo, dzina lace Arius, anayamba kuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ali wolengedwa, wamkuru ndithu, koma wosalingana ndi Atate. Mpingo unagawikana. Cotero m'caka ca 325 mfumu Constantine inaitana mabishopu ku Nicaea, ndipo Athanasius, pokhala dikoni, anaperekeza bishopu wace Alexander. Msonkhanowo unatsutsa Arius, nubvomereza kuti Mwana ali Mulungu weniweni. Atamwalira Alexander mu 328, Athanasius analowa m'malo mwace.

Koma mlandu sunathere pamenepo, pakuti otsata Arius sanali anthu osadziwa Malembo. Iwo anati Mulungu adziwa zonse; nanga Yesu anafunsiranji kumene anaika Lazaro, ndi kuti mikate iripo ingati? Anatsegulanso pa Marko 13:32, pamene palembedwa kuti tsiku lotsiriza Mwana salidziwa. Abale athu opita ku Lusaka, akakhala ku Kuku kapena ku Chawama, nthawi zina aimitsidwa ndi alaliki ofunsa zomwezi. Asayese kuti ndi mafunso atsopano.

Athanasius sanazembe mau obvutawo. M'mabuku ace otsutsa ciphunzitso ca Arius anaonetsa kuti wofunsa sakhala wosadziwa nthawi zonse. M'munda muja Mulungu anafunsa Adamu kumene anali, nafunsanso Kaini za mbale wace. Kodi Mulungu anasowa womuuza? Momwemonso Iye amene anafunsa za manda a Lazaro ndiye anauza ophunzira ace, akali kutali, kuti Lazaro wamwalira. Ndipo za mikate Yohane acitira umboni kuti anangoyesa Filipo, podziwa cimene adzacita. Kunena za tsiku lotsiriza, Athanasius anati amene anafotokoza zonse zodzatsogolera tsikulo sangalephere kudziwa tsiku lomwe. Monga Mau a Mulungu alidziwa. Koma popeza anabvala thupi lathu, limene limva njala ndi kutopa, analankhula monga munthu, nasenza ndi kusadziwa kwathu komwe. Apa panali mtima wa nkhani yonse: wolengedwa sangapulumutse wolengedwa mnzace.

Cifukwa ca ciphunzitso cimeneci anasauka kwambiri. Pa msonkhano wa ku Tyre mu 335 adani ace anamnenera kuti anapha bishopu Arsenius ndi kumdula dzanja. Athanasius anangolowetsa Arsenius pabwalo, wamoyo, manja onse awiri ali pomwepo. Ngakhale anawacititsa manyazi cotero, mfumu inampitikitsira ku Trier, m'dziko limene lero ndi Germany. Mu February 356 asilikari anazinga nyumba ya Mulungu usiku, anthu alikupemphera. Iye anapulumuka, nabisala zaka 6 mwa amonke a m'cipululu ndi mwa abwenzi, osaleka kulemba. Anapitikitsidwa kasanu ndi mafumu anai, ndipo mwa zaka 45 za ubishopu wace, pafupifupi 17 anazitha kutali ndi nkhosa zace.

Tisabise kuti anali munthu waliuma ndi wa lilime lakuthwa, ndi kuti ena anadandaula za nkhanza zace. Koma akadakhala bango logwedezeka ndi mphepo, kaya akadaima ndani masiku amene mafumu anakondera a Arius.

M'kalata yace ya Paskha ya 367 anachula mabuku 27 a Cipangano Catsopano, omwewo tiri nawo m'manja lero. Anamwalira pa 2 May 373, si m'cipululu ai, koma kwao ku Alexandria, pakati pa anthu ace.