Bill Evans: woimba piyano amene ntchito yake ya tsiku limodzi idasintha jazi

Lamulungu pa 25 June 1961, amuna atatu adatsikira m'chipinda cha pansi pa nthaka chotchedwa Village Vanguard mumzinda wa New York ku America kukaimba jazi. Mtsogoleri wawo adali Bill Evans, woimba piyano wa zaka 31, ndipo anzake adali Scott LaFaro pa besi ndi Paul Motian pa ng'oma.

Tsikuli lidali lomaliza pa sabata ziwiri zimene adagwirizana ndi eni malowo, choncho kampani ya Riverside idabweretsa makina kuti ijambule zoimba zawo. Pasanathe sabata zina ziwiri LaFaro adamwalira pa ngozi ya galimoto, ndipo atatuwa sadaimbenso limodzi. Zimene makina aja adasunga ndi zimene akatswiri a jazi amaziwerengera m'gulu la zimbale zapamwamba kwambiri za oimba atatu.

William John Evans adabadwa pa 16 August 1929 ku Plainfield m'dera la New Jersey. Adayamba kuphunzira piyano ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, potsanzira mkulu wake Harry, kenaka adaphunziranso vayolini ndi chitoliro. Maphunziro ake oyamba adali a nyimbo zolembedwa za ku Ulaya, zimene woimba amatsata chizindikiro chilichonse cha papepala. Jazi adaidziwa ali wachinyamata pamene ankaimba m'magulu osangalatsa anthu pa madansi ndi pa maukwati.

Mu 1950 adatsiriza maphunziro a zoimba pa koleji ya Southeastern Louisiana. Chaka chotsatira adaitanidwa ku usilikali, kumene adakhala mpaka 1954 akuimba chitoliro m'bandi ya asilikali ku Fort Sheridan, kufupi ndi Chicago. Mu 1955 adakhazikika ku New York, komwe adapitiriza kuphunzira kapekedwe ka nyimbo pa sukulu ya Mannes uku akuimba ndi akatswiri monga George Russell.

Chimbale chake choyamba, New Jazz Conceptions, adachijambula mu 1956 pansi pa Orrin Keepnews wa kampani ya Riverside. Malonda sadayende, pakuti m'chaka choyamba chidagulidwa ndi anthu pafupifupi 800 okha. Komabe oimba anzake adamva china chake chachilendo m'zala zake.

Mmodzi mwa iwo adali Miles Davis, woimba lipenga wotchuka, amene mu April 1958 adamutenga m'gulu lake momwe mudali John Coltrane ndi Cannonball Adderley. Evans adali mzungu yekhayo m'gululo pa nthawi imene tsankho la khungu lidali lalikulu ku America, ndipo ena mwa omvera sadakondwe kumuona pa mpando umenewo. Adachoka mu November chaka chomwecho atatopa, koma Davis adamuitananso mu March ndi April 1959 kudzajambula Kind of Blue. Pa nyimbo zisanu za m'chimbalecho, chimene chili m'gulu la zimbale za jazi zogulidwa kwambiri m'mbiri, Evans adaimba zinayi.

Kumapeto kwa 1959 adakhazikitsa gulu lakelake la anthu atatu, ndipo apa ndi pamene mbiri yake yagona.

Mu jazi oimba amayamba ndi nyimbo yodziwika, kenaka amapeka zawozawo pomwepo potsatira maziko a nyimboyo. Pa nthawiyo, m'magulu ambiri a anthu atatu udindo unkagawidwa mosasinthika. Wa piyano ndiye ankatsogolera, wa ng'oma ankasunga kugunda, ndipo wa besi ankaponda mawu apansi molingana ngati munthu woyenda pamsewu. Besi ya jazi ndi chida chachikulu cha zingwe zinayi choimika pansi, ndipo ntchito yake imafananako ndi ya babatoni m'magulu a kuno kwathu.

Evans adafuna kuti atatuwo azipeka nthawi imodzi, aliyense akumvetsera mnzake ndi kumuyankha monga zimakhalira pa zokambirana za anthu olemekezana. Kuti zimenezi zitheke, iye mwini adayenera kusiya gawo la udindo wake. Dzanja lake lamanzere linkasiya dala mawu apansi penipeni kuti wa besi apeze danga, ndipo ankaimba mofewa, mutu atazyolika pafupi ndi piyano. Kasanjidwe kake ka mawu kadatengako kwa olemba nyimbo a ku France, Claude Debussy ndi Maurice Ravel, pomwe kayendedwe ka dzanja lamanja kadachokera kwa akatswiri a jazi monga Bud Powell.

Mwa LaFaro, mnyamata wobadwa mu 1936, adapeza munthu woyenera danga limenelo. Iye ankakodola zingwe za besi mothamanga ngati ndi gitala, kukwera mpaka mawu apamwamba ndi kuyankha piyano m'kati mwa nyimbo. Motian naye nthawi zambiri ankagwiritsa ntchito timaburashi tawaya m'malo mwa timitengo, kotero kuti kugunda kunkamveka popanda kuphimba anzake.

Atatuwa adajambula Portrait in Jazz pa 28 December 1959 ndi Explorations pa 2 February 1961, zonse mu situdiyo. Keepnews adaona kuti kudali koyenera kuwajambulanso pamaso pa anthu, ndipo mpata udapezeka ku Village Vanguard, malo aang'ono okhala anthu oposa 100 pang'ono amene Max Gordon adatsegula mu 1935.

Tsiku limenelo adaimba maulendo asanu, awiri masana ndi atatu usiku. Womvera chimbalecho lero amamva matambula akuwombana ndiponso anthu akucheza ndi kuseka chapansipansi, umboni wakuti ena mwa amene adalipo sadadziwe kukula kwa zimene zinkachitika pamaso pawo.

Pa 6 July 1961, LaFaro adafa galimoto imene adakwera itawomba mtengo kufupi ndi tauni ya Geneva m'dera la New York. Adali ndi zaka 25. Evans adasweka mtima ndipo kwa miyezi ingapo sadaimbe pagulu.

Posankha nyimbo za chimbale choyamba, Sunday at the Village Vanguard, chimene chidatuluka chaka chomwecho, iye adaika patsogolo zimene zinkaonetsa luso la malemuyo. Chimbalecho chimayamba ndi Gloria's Step ndi kutha ndi Jade Visions, zonse zopekedwa ndi LaFaro. Chimbale chachiwiri chochokera pa tsiku lomwelo, Waltz for Debby, chidatuluka mu 1962, ndipo chidatenga dzina la nyimbo imene Evans adapekera mwana wamkazi wa mkulu wake.

Atabwerera ku ntchito adatenga Chuck Israels pa besi. Mu 1963 adajambula Conversations with Myself, momwe adasanjikiza mawu a piyano katatu, onse oimba yekha, ndipo chidamupezera mphotho yake yoyamba ya Grammy. Kuyambira 1966 adagwira ntchito zaka 11 ndi Eddie Gomez pa besi, ndipo chimbale chimene adajambula pa chikondwerero cha Montreux ku Switzerland mu 1968 chidapatanso Grammy. M'zaka za m'ma 1970 adajambula zimbale ziwiri ndi woimba mawu Tony Bennett. Pa zaka zonsezi oimba adasintha, koma njira ija ya atatu omvetserana sadaisiye.

Moyo wake wakuseri udali wovuta. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adakodwa mu mankhwala ozunguza bongo a heroin, amene adamudyera ndalama ndi thanzi, ndipo atayesa kuwasiya adagweranso mu cocaine m'zaka zake zomaliza. Mu 1973 mayi amene adakhala naye zaka zambiri adadzipha, ndipo mu 1979 mkulu wake Harry adachitanso chimodzimodzi. Chimbale cha We Will Meet Again adachijambula pokumbukira mkulu wakeyo.

Ngakhale thupi lidali litafooka, gulu lake lomaliza, la Marc Johnson pa besi ndi Joe LaBarbera pa ng'oma, lidamubwezera mphamvu zimene ambiri adaziyerekeza ndi za 1961. Adaimba nalo kwa sabata yathunthu ku Keystone Korner mumzinda wa San Francisco kumayambiriro kwa September 1980. Pa 15 September adamwalira pa chipatala cha Mount Sinai ku New York ndi zilonda za m'mimba, matenda a chiwindi ndi chibayo. Adali ndi zaka 51, ndipo adaikidwa ku Baton Rouge pafupi ndi manda a mkulu wake.

Evans adalandira mphotho za Grammy zisanu ndi ziwiri, ndipo mu 1994 adapatsidwa ina yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse. Koma cholowa chake chachikulu chimamveka mwa oimba piyano amene adabwera pambuyo pake, monga Herbie Hancock, Chick Corea, Keith Jarrett ndi Brad Mehldau. Lero si zachilendonso kumva wa besi akuyankhana ndi wa piyano ngati anthu ofanana, ndipo ophunzira jazi m'maiko ambiri amatumizidwa ku zimbale ziwiri zija kuti akamve kumene njirayi idakhwimira.

Zonsezi zidatheka chifukwa matepi a tsiku lija adasungidwa bwino. Mu 2005 zonse zimene zidajambulidwa zidatulutsidwa ku America pa ma CD atatu m'ndondomeko imene zidaimbidwira. Nyumba yosunga mabuku ya boma la America, Library of Congress, idaziika m'kaundula wake wa 2009 wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko.

Nkhani ya matepiwa ili ndi inzake kuno kwathu. Mu 1950, zaka 11 Evans asanatsikire m'chipinda chija, Hugh Tracey adayenda ndi makina ojambulira m'dziko muno, pa nthawiyo lotchedwa Nyasaland, ndipo mwa zina adajambula nyimbo za Atonga a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo n'chifukwa chake mawu a anthu amene adapita kale akumvekabe.

Ku gombe lomwelo, ku Chintheche, ndi kumene chikondwerero cha Lake of Stars chidayambira mu 2004, ndipo m'midzi yozungulira anthu amavina malipenga ndi chilimika. Woimba ng'oma wa malipenga amene amadziwa pamene ayenera kutsika kuti mawu a zipanda amveke angamvetse msanga zimene Evans ankafuna kwa anzake awiri aja.

Zoimba za mtundu umenewu, za ku New York kapena za kunyanja, sizibwerezeka ndendende, pakuti zimadalira anthu amene akumana tsiku limenelo. Riverside ikadati idikire ulendo wina kuti ijambule atatu aja, ikadapeza LaFaro kulibe.