Kodi Valentine Anali Yani?

CHAKA chilichonse pamene February 14 ayandikira, ogulitsa malonda ku Mbare ndi ku Highfield mu Harare amayala maluŵa ofiira ndi makadi ojambulidwa mitima. Koma kodi mwini dzina la tsikulo anali yani?

Zolemba zakale zimatchula amuna aŵiri a m'zaka za zana lachitatu C.E. otchedwa Valentine, wansembe wa ku Roma ndi bishopu wa ku Terni. Onsewo akuti anadulidwa mutu kaamba ka chikhulupiriro chawo naikidwa m'manda m'mbali mwa msewu wa Via Flaminia. Akatswiri ena amalingalira kuti anali munthu mmodzi. Nthano yakuti ankakwatitsa asilikali mobisa, monyozera lamulo la Mfumu Claudius II, inabuka zaka mazana ambiri pambuyo pake.

Nanga zachikondizo zinaloŵamo motani? M'zaka za zana la 14, wandakatulo wachingelezi Geoffrey Chaucer anagwirizanitsa tsiku la Valentine ndi mbalame zosankha zinzawo zoswana nazo. Ndipotu Cupid, kamnyamata ka uta kooneka pamakadi, ndi mulungu wachikondi wa Aroma, wa chipembedzo chenichenicho chimene Valentine akuti anafa pochikana!

Mu 1969 Tchalitchi cha Katolika chinachotsa phwando lake pakalendala yake yapadziko lonse, popeza kuti zotsimikizirika ponena za iye nzochepa kwambiri.